Alemba kuti spinal cord injury: kodi ndi msana womwe timaudziwawu?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali, ku Zomba: "Achimwene anga ndi a kabaza wa njinga yamoto. Mwezi watha anawombana ndi galimoto pa msewu wa ku Jali, ndipo kuyambira tsiku limenelo miyendo siikugwira. M'buku lawo la kuchipatala alembamo kuti spinal cord injury, T12, incomplete. Ife kumudzi tikungoti anathyoka msana, koma adokotala anati fupa ndi nkhani ina, spinal cord ndi nkhani inanso. Kodi spinal cord n'chiyani kwenikweni, ndipo mawuwa amagwiritsidwa ntchito bwanji? Nanga achimwene adzayendanso?"

Pepani, mayi, ndi ngozi imene yagwa pakhomo panu. Adokotala aja sanakusocheretseni. Ife tikati msana timatanthauza zinthu zingapo: pomwe timaberekera mwana ndi pamsana, mafupa omwe timawamva tikapapasa kumbuyo ndi msana, ndipo munthu akalima tsiku lonse amati msana ukuwawa chonsecho ikuwawa ndi minofu. Chingerezi cha kuchipatala chinazipatula zimenezi. Back ndi kumbuyo konse. Spine, backbone, spinal column ndi vertebral column ndi mayina anayi a chinthu chimodzi, mzere wa mafupa wochokera m'khosi kukafika pamatako. Koma spinal cord si fupa. Ndi chingwe chofewa cha mitsempha chimene chimachoka ku ubongo n'kutsika kudzera m'kati mwa mafupawo.

Mafupa a msana alipo 33. Amasanjikizana, ndipo zibowo zawo zimalunjikana n'kupanga ngalande imodzi, ngati mikanda yotungidwa pa ulusi: mikandayo ndiye spine, ulusiwo ndiye spinal cord. Mukafuna kuiona ndi maso, pitani kwa ogulitsa nyama ya mbuzi mumsika wa Zomba, muwapemphe akuonetseni chidutswa cha msana chimene angochidula ndi chikwanje. Pakati pa fupalo muona kanthu koyera, kobulungira, kamene mutha kukatokosa ndi kamtengo n'kukatulutsa. Si mafuta aja ana amayamwa m'fupa la mwendo ayi. Kafinyeni ndi zala ziwiri, muona kakuphwanyika nthawi yomweyo. Ka munthu wamkulu n'kotalika pafupifupi masentimita 45, kunenepa kwake sikusiyana kwenikweni ndi chala chakanise, ndipo kufewa kwake n'komweko. Ndiye ganizani zimene zimachitika fupa lothyoka likakapana.

Ntchito yake ndi kunyamula mauthenga. Mukafuna kuponda sitepe, uthenga umachoka mu ubongo, umatsika ndi chingwechi, n'kupatukira ku minofu ya mwendo. Mukaponda munga, uthenga umakwera ndi chingwe chomwecho kukauza ubongo kuti kuphazi kwavuta. Mitsempha imene ndikunena pano si ija imayenda magazi, imene anamwino amafunafuna pamkono akamaika diripu. Iyi ndi ya mauthenga. Imapatuka pa chingwechi iwiriiwiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo mapatuko oterowo alipo 31. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti si kuyenda kokha kumene kumadalira njira imeneyi. Kudziwa kuti chikhodzodzo chadzaza, kugwira chimbudzi mpaka mutafika poyenera, mphamvu za m'banja, kutuluka thukuta, zonsezi zimadutsa pomwepo. N'chifukwa chake munthu wovulala spinal cord amaikidwa paipi ya mkodzo ngakhale chikhodzodzo chake sichinagundidwe ndi kanthu.

Tsopano pa kagwiritsidwe ntchito ka mawuwo. Spinal amatanthauza "cha msana", ndipo saima okha, amafotokoza chinthu china: spinal nerve, spinal fluid, spinal surgery. Cord ndi chingwe, mawu omwenso ali mu umbilical cord, chingwe cha pamchombo wa khanda. Ana asukulu ambiri, ngakhale a Fomu 4 amene akukonzekera MSCE, amalemba chord, ndi h. Ameneyo ndi wa oimba gitala ndi kwaya, alibe malo m'thupi la munthu. Mu fiyeta mokha ndi momwe mungamve spinal akunenedwa payekha. Akauza mayi woyembekezera kuti "tikupatsani spinal", akunena jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuyambira m'mimba kutsika, uja amabaya pochita opaleshoni yotulutsa mwana. Pali chinanso. Andale akamalankhula Chingerezi amakonda kunena kuti ulimi ndi backbone ya chuma cha dziko, ndipo munthu wamantha amamunena kuti ndi spineless. Mawu akuti spinal cord sagwiritsidwa ntchito mophiphiritsa chotero. Mukawamva, dziwani kuti akunena chiwalo chenichenicho.

M'mabuku a odwala mudzakumananso ndi mawu oyamba ndi myel, monga myelitis ndi myelopathy. Akuchokera ku Chigiriki, ndipo m'mawu awiriwa akunena chingwe chomwechi: myelitis ndi kutupa kwake, myelopathy ndi kuwonongeka kwake. Dzina lonse la poliyo ndi poliomyelitis, chifukwa kachilombo kake kamawononga mbali ya spinal cord imene imalamulira minofu. N'chifukwa chake mwendo wa munthu amene anadwala poliyo umafota koma ukautsina amamva.

Tibwere ku T12. Madokotala amatchula mafupa a msana ndi chilembo ndi nambala, kuwerenga kuchokera kumwamba. A m'khosi ndi 7, C1 mpaka C7. A pachifuwa, omwe nthiti zimagwirako, ndi 12, T1 mpaka T12. A m'chiuno ndi 5, L1 mpaka L5. Pansi pake pali asanu omatana okhala fupa limodzi, a chilembo cha S, kenaka timafupa ta kumapeto. Choncho T12 ndi pomwe nthiti zimathera, pamwamba pang'ono pa pomwe mumamanga chitenje. Pamalo amenewa, pomwe msana wouma wa pachifuwa ukukumana ndi msana wopindika wa m'chiuno, ndi pamene pamathyoka kawirikawiri munthu akagwa mumtengo wa mango kapena akaponyedwa pa njinga.

Lamulo lake ndi losavuta: zimene zili pamwamba pa bala zimagwira ntchito, zimene zili pansi pake ndi zimene zimavuta. Wovulala m'khosi amatha kufa manja ndi miyendo yomwe, ndipo amalemba kuti tetraplegia kapena quadriplegia. Balalo likakhala pamwamba kwambiri ngakhale kupuma kumavuta, chifukwa mitsempha yoyendetsa mnofu waukulu wopumira imachokera pa C3, C4 ndi C5. Christopher Reeve, katswiri wa mafilimu wa ku America, atagwa pa hatchi mu 1995 anavulala pamwamba penipeni pa khosi ndipo anadalira makina opumira. Anamwalira mu 2004. Wovulala pachifuwa kutsika, ngati achimwene anu, manja amakhala bwinobwino, ndipo amalemba kuti paraplegia. Mwina munaonapo adokotala akuwabaya pang'onopang'ono ndi kapini kuyambira pachifuwa kumatsika, uku akufunsa kuti "mukumva apa? Nanga apa?" Amakhala akufuna malire. Pa mawere ndi T4, pa mchombo ndi T10, ndipo T12 ili m'munsi mwa mchombo, chakufupi ndi mphechepeche. Funsani ngati T12 yolembedwayo ikunena fupa lothyoka kapena malire a pomwe akumva, chifukwa ziwirizi sizilingana nthawi zonse.

Mawu ofunika kwambiri pa atatu alembedwa aja ndi incomplete. Complete ndi pamene mauthenga sakudutsa n'komwe kukafika kumapeto kwa chingwe. Incomplete ndi pamene ena akudutsabe, ngakhale pang'ono. Kuti adziwe zimenezi, dokotala amayeza kumalo otulukira chimbudzi: amaona ngati wodwala akumva kukhudzidwa, ndiponso ngati angathe kufinya chala. Odwala ambiri amachita manyazi, ena amakwiya, koma palibe kuyeza kwina kumene kumanena zambiri za tsogolo la munthuyo kuposa kumeneku, chifukwa mitsempha ya pamalopo ndi imene ili kumapeto kwenikweni. Ikamayankha ndiye kuti njira sinatsekeke yonse. Nthawi zina amalembanso ASIA ndi chilembo chimodzi. Si Asia wa pamapu uja, ndi chidule cha American Spinal Injury Association, bungwe limene linakonza kayezedwe kameneka. A ndiye complete. B ndiye kuti munthu akumva koma sakugwedeza kanthu. C akugwedeza koma mofooka. D minofu yambiri ikutha kudzutsa chiwalo. E ndiye kuti zonse zabwerera. Onani ngati chilembocho chilimo m'bukumo; ngati mulibe, funsani.

Adzayendanso? Fupa limalumikizana. Pakatha miyezi itatu kapena kuposerapo, kaya ndi kugona kokha, lamba wa pamsana kapena zitsulo za opaleshoni, limakhala litagwira. Chingwe sichitero. Mitsempha yake ikaduka siimeranso, ndipo opaleshoni ya msana ntchito yake ndi kuchotsa chimene chikupana chingwecho ndi kulimbitsa mafupa, osati kusoka chingwe. N'chifukwa chake pali anthu othyoka msana amene akuyenda lero, popeza fupa linathyoka koma chingwe chinapulumuka, ndipo pali ena amene ekisire ikuonetsa mafupa abwinobwino koma sakuyenda. Ekisire imaonetsa mafupa. Chingwecho chimaoneka pa MRI, makina ena ojambula m'kati mwa thupi amene amaonetsanso ziwalo zofewa. Komabe m'ngozi zambiri chingwe sichiduka pakati, chimangotunduzidwa n'kutupa. M'masiku ndi masabata oyamba chilichonse cha pansi pa bala chimangoti zii, kenaka kutupa kukamaphwa mitsempha yopulumuka imayamba kudzuka. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndipo kumapitirira pang'onopang'ono mpaka chaka kapena kupyola. Munthu wa incomplete ali ndi mwayi woposa wa complete, ndipo wa D ali ndi mwayi woposa wa B. Ena amayenda ndi ndodo, ena ndi zitsulo za m'miyendo, ena amakhala pa njinga ya olumala. Aliyense amene angakulonjezeni lero, mwezi umodzi wokha utadutsa, kuti adzayenda pa tsiku lakuti, kaya wavala gauni yoyera, kaya wanyamula mchira, kaya Baibulo, akukunamizani. Chimodzimodzi amene anganene kuti basi zatha.

Mwina posachedwa muona mwendo ukudzigwedeza wokha, kapena kukankha bulangeti mukaukhudza kuphazi. Abale ena amalulutira kuti wachira, ena amati muli zamatsenga. Zonse ziwiri si zoona. Spinal cord ili ndi tintchito tina timene imachita yokha osadikira ubongo, monga muja dzanja limathawira mukagwira chivundikiro chotentha musanamve n'kupweteka komwe. Ubongo ukasiya kulamulira, tintchito timeneti timachita mopyola muyezo. Kugwedeza kowerengedwa ndi kumene achimwene achita atafuna okha: muwauze kuti "gwedezani chala chachikulu chakumanja", chalacho n'kugwedezeka. Zikatero kauzeni a mafizo, aja ophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, tsiku lomwelo.

Apa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene moyo wa achimwene uli m'manja mwanu ngati gadiyani. Munthu wa T12 saphedwa ndi chingwe chovulalacho. Zimene zimatenga anthu otere ndi zilonda za pogona ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Inu ndi ine tikagona timatembenuka tokha usiku, chifukwa khungu likapanikizika limadandaula. La achimwene silidandaula. Magazi amasiya kufika pomwe fupa lakanikiza khungu, ndipo maola ochepa okha ndi okwanira kuyambitsa chilonda chimene chingatenge miyezi kuti chipole, china n'kufika pafupa. Atembenuzeni maola awiri alionse, usana ndi usiku. Tcherani alamu pa foni, muzisinthana ndi abale. Potembenuza, mapewa ndi chiuno ziziyendera limodzi, msana usapotoke, mpaka adokotala atanena kuti fupa lagwira. M'mawa ndi madzulo yang'anani pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno, zidendene ndi akakolo. Pa khungu lathu lakuda simudzaona kufiira ngati mmene mabuku a Azungu amanenera. Muona pamalo pakuda kuposa pozungulira, ponyezimira, potentha kapena polimba mukakhudza. Pamenepo asagonerepo mpaka pataoneka bwino, ndipo musapatikite. Nsalu yogonera ikhale youma, yopanda makwinya, yopanda nyenyeswa za chakudya. Ikani pilo pakati pa mawondo ndi pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere.

Za mkodzo, azimwa madzi okwanira, thumba la mkodzo lizikhala pansi pa msinkhu wa chikhodzodzo, paipi isapindike, ndipo izisinthidwa pa nthawi imene anamwino anena. Mkodzo ukayamba kununkha, kuda kapena kuchita matope, thupi n'kutentha, musadikire kuti kuche kawiri. Popeza manja awo ali bwino, afunseni a chipatala ngati angaphunzitsidwe kudzilowetsa okha kapaipi kangapo pa tsiku n'kukachotsa. Kwa ambiri njira imeneyi ndi yabwino kuposa paipi yokhalitsa. Chimbudzi nachonso chimaphunzitsidwa nthawi, ndipo masamba, zipatso ndi mgaiwa zimathandiza kuposa ufa woyera wokhawokha.

Kuno ku Zomba pali ngozi ina yoiwalika. Mu June ndi July, mphepo ikamatsika m'phiri, timakonda kukokera mbaula pafupi ndi mapazi. Munthu wosamva miyendo amapsa mpaka matuza osadziwa, amangomva fungo. Chimodzimodzi madzi osamba, botolo la madzi otentha m'bulangeti, ngakhale mbale ya phala yoikidwa pantchafu. Madzi aziyesedwa ndi dzanja. Ndipo kutema mphini pamsana kapena m'miyendo yosamva, kuthowa ndi madzi owira, kapena kulola munthu kuti "awongole" msana pouponda, ndi kuwonjezera bala pa bala.

Zoti kutembenuza wodwala kumapulumutsa moyo si nzeru zatsopano. Kale anthu ovulala chonchi ambiri ankamwalira pasanathe nthawi yaitali. Dokotala Ludwig Guttmann, amene anathawa ku Germany mu 1939, anatsegula wodi ya anthu otere pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England mu 1944, ndipo zida zake zazikulu zinali zomwezi: kutembenuza maola awiri alionse, kusamala chikhodzodzo, ndi kudzutsa odwala kuti azigwira ntchito ndi kusewera. Masewero amene anayambitsa mu 1948 ndi amene anakula n'kukhala Paralympics, mpikisano wa masewero wa anthu olumala a dziko lonse lapansi, yomwe inachitika koyamba ku Rome mu 1960. Kwathu kuno, kupatula a mafizo a pa Zomba Central Hospital, ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi Queen Elizabeth Central Hospital, kumene anthu ovulala msana amaphunzira kudzisamutsa pa bedi kupita pa njinga, kusamba, kuvala ndi kudzisamalira. Funsani za kalata yotumizira kumeneko asanatulutsidwe m'chipatala. Njinga ya olumala ikhale yoyezedwa pa thupi lawo ndipo ikhale ndi khushoni yoyenera. Yongotola kwa wachifundo, yopanda khushoni, imabweretsa zilonda zomwe tikuthawazi.

Kusasiyanitsa spine ndi spinal cord kumatipwetekanso mbali ina. Mwamvapo anthu akukaniza m'bale wawo kutengedwa madzi a pamsana, amati akangomubaya ndiye kuti wapita kapena apuwala. Chingwechi ndi chachifupi kuposa ngalande yake. Mwa munthu wamkulu chimathera cha pa L1 kapena L2. Pansi pake pamangotsala timitsempha tolendewera m'madzi, timene madokotala amatitcha cauda equina, kutanthauza mchira wa hatchi. Singano yotengera madzi, imene m'buku amalemba LP, imalowa pakati pa L3 ndi L4 kapena pakati pa L4 ndi L5, pansi pa pomwe chingwe chathera, ndipo jakisoni wa amayi oyembekezera uja amabayidwanso chakomweko. Madzi amene amatengedwa ndi ochepa, pomwe thupi limapanga pafupifupi theka la lita tsiku lililonse. Chikhulupiriro chija chinabwera chifukwa anthu amene amafunika kuyezedwa motere amakhala odwala kale kwambiri, ambiri ndi matenda oumitsa khosi, ndipo amafika mochedwa. Akamwalira, mlandu umagwera singano. Pa mtundu wina wa matendawa, umene umagwira kwambiri anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV, kuchotsa madziwo ndi mbali ya chithandizo chenicheni, chifukwa kumachepetsa kupanikizika m'mutu.

Si ngozi zokha zimene zimawononga spinal cord. TB imatha kudya mafupa a msana mpaka kugwa n'kupana chingwe, pamsana n'kutuluka kalinunda. M'buku amalemba Pott's disease, potengera dokotala wa ku London, Percivall Pott, amene anafotokoza matendawa mu 1779. Ikapezeka msanga, anthu ambiri amabwerera pa miyendo yawo ndi mankhwala. Likodzo, lomwe asodzi a ku Kachulu ndi alimi a mpunga a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amalidziwa bwino, nthawi zina mazira ake amakakhala m'munsi mwa chingwechi. Khansa nayo imatha kufalikira ku msana. Mukaona mawu akuti cord compression, akunena kupanidwa kumeneku. Munthu amene msana ukumuwawa, miyendo n'kumalemera, dzanzi n'kumakwera, mkodzo n'kumakanika kapena kumangotuluka wokha, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chingwe chopanidwa chikamasulidwa msanga chimatha kuchira.

Anzawo a achimwene pa siteji ya kabaza akabwera kudzazonda, muwauze ichi. Pa ngozi timathamanga ndi mtima wabwino, wina kugwira manja, wina miyendo, n'kumupinda munthu pa mpando wa kumbuyo kwa galimoto, kapena kumukhazika pa njinga pakati pa anthu awiri. Fupa lothyoka limene linali lisanakhudze chingwe limatha kuchipana pa nthawi imeneyo. Munthu akagwa pa njinga n'kumadandaula khosi kapena msana, kapena akuti miyendo sakuimva, kapena wakomoka, asadzutsidwe, asakhazikidwe, asamwetsedwe madzi. Mmodzi agwade kumutu n'kugwira mutuwo ndi manja awiri kuti usagwedezeke, ndipo chipewa chisavulidwe mokoka pokhapokha ngati chikumulepheretsa kupuma. Ena atatu amutembenuze pamodzi, mutu, mapewa ndi chiuno zili pa mzere umodzi, n'kumugoneka pa chitseko kapena thabwa lalikulu, kumumanga ndi zitenje, ndi kuika nsalu zopindapinda mbali zonse ziwiri za mutu. Kenaka afune galimoto imene angagonemo chowongoka, ngati pikapu, ngakhale zitatanthauza kudikira mphindi zingapo.